Miyendo ya Yusta

Pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zomwe a Protas Mfilinge anakhala phungu, palibe liwu logwira mtima lomwe linatuluka pakamwa pawo lisanadutse m'zala za Festo Luvanda. Anthu a ku Iringa kuno ankati Olemekezeka anabadwa ndi lilime, akaima pa nsanja ngakhale ootcha chimanga amaiwala kutembenuza. Lilime analidi nalo, sitikukana. Koma lilime lopanda mawu ndi nyama chabe, ndipo mawuwo ankaphikidwa m'kachipinda ka kuseri kwa ofesi, momwe Festo, mphunzitsi wakale wa Chiswahili, ankakhala ndi kompyuta yake yokalamba, jekete ali chivalire chifukwa cha kuzizira.

Ntchito yake ankaidziwa, pamenepo tisamunamizire. Chiganizo chilichonse chinkayenera kutha mpweya usanathe. Nambala sankaisiya yokha: akalemba kuti mijigo makumi atatu, pomwepo ankatchula mayi mmodzi, dzina lake ndi mudzi wake, yemwe wasiya kulawirira kudambo. Ankalemba zilembo zikuluzikulu, masamba osapitirira anayi, kenako n'kutenga cholembera chofiira. Kamzere kamodzi kankatanthauza kuti pumani. Timizere tiwiri, dikirani aombe m'manja. Kanyenyezi, vulani magalasi, yang'anani pansi, werengani mpaka zitatu chamumtima. Olemekezeka anavula magalasi pa maliro osawerengeka ndi pa sukulu zosasuka madenga, ndipo amayi ankabwerera kwawo akuuzana kuti munthu uja ali ndi mtima.

Muyeso wa zolemba zonsezo unali Yusta, mwana yekhayo wa Festo. Ali wamng'ono bambo ake ankamukhazika pa tebulo la kukhitchini, miyendo ili lende, n'kumamuwerengera zomwe alemba. Mwanayo sankamva za misewu kapena za feteleza, koma miyendo yake inkadziwa. Mawu akakhala amoyo inkangoti zii. Akayamba kutalika kapena kunama mopitirira, inkayamba kugwedezeka, chidendene chikugunda mwendo wa tebulo, ndipo Festo ankadula pomwepo. Mkazi wake Melania ankaseka uku akusenda nthochi. "Dera lonseli likuyendetsedwa ndi miyendo ya mwana wanga," ankatero.

Kenako mwana anakula, n'kuyamba kumva za m'nyumba mwawo pa wailesi. Agogo ake, amene anasenza desiki pamutu mtunda wautali kuti Festo asakhale pansi kusukulu, tsiku lina anamveka m'zolankhula atasanduka mayi a Olemekezeka. Nthabwala za Melania zinkaseketsa misonkhano yomwe Melaniayo sanapiteko. Yusta atafunsa, Festo anangoseka n'kumuuza kuti mawu ali ngati khasu, amabwerekedwa. Mwanayo anayankha kuti khasu lobwereka limabwezedwa, ndipo bambo ake analikonda yankholo moti mwezi wotsatira linamveka pa msonkhano wa alimi.

Melania anamwalira Yusta ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anali m'chipatala sabata yachitatu, ndipo tsikulo linali lotsegulira kampeni. Olemekezeka sankakwera nsanja popanda Festo kuima cham'mbali, poti mvula ikhoza kunyowetsa pepala, kapena wina akhoza kufunsa chosayembekezeka. Yusta anaimba foni kasanu. Festo anafika kuchipatala dzuwa litapendeka, n'kupeza bedi alichotsa kale nsalu. Anamuuza mwanayo kuti foni inali yozimitsa. Pa maliro analemba mbiri ya mkazi wake, koma nthawi itakwana mawu anamukanika, ndipo amene anawerenga anali Olemekezeka. Pa tsamba lachitatu anavula magalasi. Anthu analira, koma Yusta ankadziwa kuti pamenepo pali kanyenyezi kofiira.

Kuchokera tsikulo Yusta sanawachitire mwano bambo ake ngakhale kamodzi. Ankawapatsa moni atagwada, kuwathirira madzi osamba m'manja, kuwayankha zomwe afunsa, basi. Ulemu woterowo umapweteka kuposa kutukwanidwa, ndipo Festo anaumva kuwawa zaka zisanu ndi zinayi. Yusta anakaphunzira unamwino ku Mbeya, n'kupeza mnyamata wa ku Njombe, Elia Mligo, ndipo akwawo kwa mnyamatayo anabwera mwaulemu n'kumaliza zonse. Chinatsala ndi sendofu, phwando lomwe akuchikazi amatsanzikana ndi mwana wawo ukwati usanachitike.

Kutatsala sabata zitatu, Yusta analowa m'kachipinda ka kuseri kwa ofesi kaja. Anakana mpando.

"Baba, a komiti akufunsa mphatso yomwe mudzandipatse. Ndawauza kuti sofa sindikufuna, ng'ombe sindikufuna."

"Ndiye ukufuna chiyani, mayi wanga?"

"Akadzakupatsani maikolofoni, mudzandilankhule ine. Inuyo, ndi pakamwa panu."

Festo anayesa kuseka. "Nanga angalankhule ndani m'malo mwa bambo wa mkwatibwi?"

"Pa maliro a amayi analankhula ndani?"

Yusta anayang'ana cholembera chofiira pa tebulo, kenako bambo ake.

"Ndamva mawu anu moyo wanga wonse, Baba, koma inuyo sindinakumveni. Ndikupita kwa eni. Mukandiuza kanthu tsiku limenelo, ndidzapita nako. Mukapanda kutero, palibe mlandu, ndidzapitabe."

Anatuluka n'kutseka chitseko pang'onopang'ono, ndipo Festo anamva bwino lomwe kuti uwu ndi mwayi womaliza.

Anaganiza kuti ndi ntchito ya tsiku limodzi. Munthu amene analembera phungu mawu otsegulira milatho, otonthoza ofedwa, okana milandu, angalephere masamba anayi a mwana wake? Analephera. Chilichonse chomwe ankayamba chinkatuluka ndi mawu a Olemekezeka. Akati alembe "mwana wanga", zala zinkalemba "abale anga". Ziganizo zinkabwera zitatuzitatu, zokhala ndi malo oombera m'manja. Anazindikira mwamanyazi kuti sakudziwa momwe Festo Luvanda amalankhulira, poti munthuyo anasiya kulankhula kalekale. Anafufuta, kuyambanso, kufufutanso, mpaka mlongo wake Redempta, amene anabwera kudzathandiza zokonzekera, anayamba kumuseka.

"Achimwene, mwakhala mukubereka ana a eni zaka zonsezi, wanu yekha ndiye wapingasa?"

Chinamumasula n'choonadi. Tsiku lina m'mawa anangolemba zomwe zinachitika, osakometsa, ndipo zinayenda. Tsamba loyamba ndi lachiwiri analemba za tebulo la kukhitchini ndi miyendo ija. Pa tsamba lachitatu analemba zomwe sanauzepo munthu: "Tsiku lomwe amayi ako ankatisiya unandiimbira kasanu. Ndinakunamiza kuti foni inali yozimitsa. Inali m'thumba, ndinaimva ikunjenjemera kasanu konse, ndipo ndinadziwa kuti ndiwe. Sindinasunthe chifukwa ndinkaopa munthu kuposa momwe ndinkakukondera. Ndikhululukire." Tsamba lachinayi linali la madalitso. Atamaliza anakuza zilembo, ngakhale maso ake anali abwinobwino. Anatenga cholembera chofiira n'kuika timizere, ndipo pa mawu akuti kasanu konse dzanja linajambula lokha kanyenyezi. Kenako anaika masambawo mu fayilo ya buluu, poti ina analibe. Za Olemekezeka sanadandaule, popeza anali atatumiza kale uthenga kuti ali ku Dodoma ku nyumba ya malamulo, sadzakhalapo.

Mwambo unayamba masana kuti alendo a ku Njombe abwerere kusanade. Holo inadzaza, anthu pafupifupi mazana anayi, fungo la mpunga wa pilawu ndi nthochi zophika ndi nyama likuchokera kuseri kwa makatani. Yusta anakhala pa mpando wautali wa mkwatibwi pa nsanja, atavala diresi lofiirira la golide m'mphepete, nsapato zake zosafika pansi. Monga mwa mwambo, anatsika n'kuzungulira holo kufunafuna Elia, amene anzake anamubisa kumbuyo pakati pa amalume, anthu akukuwa kuti wasochera, mpaka anamupeza n'kumugwadira, kenako n'kubwerera pa mpando wake. Festo anali pa tebulo lalikulu, fayilo ili pamiyendo, manja onse awiri ali pamwamba pake. Anali wokondwa mwa mtundu womwe anali atauiwala.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinabwera ndi mahutala. Galimoto ziwiri zinaima pakhomo, ndipo Olemekezeka analowa akugwedeza dzanja, chipewa chili m'manja. Wina anali atawanong'oneza kuti m'holomo muli anthu mazana anayi, ndipo chisankho chinali chaka chamawa. Wotsogolera mwambo anangoti kakasi, kenako n'kusintha ndondomeko yonse ali chiimire. A komiti anasuntha mipando, ndipo Olemekezeka anakhala pafupi ndi bambo wa mkwatibwi.

"Festo wanga, unkaganiza kuti ndingaphonye tsiku la mwana wathu? Nduna ndaisiya ikulankhula yokha."

"Mwatilemekeza, bwana."

Wotsogolera mwambo analengeza kuti bambo asanapereke malangizo, mlendo wolemekezeka adalitse mwambowu ndi mawu awiri. Olemekezeka anaimirira, akumwetulira anthu a kutsogolo, n'kutambasula dzanja lamanzere cham'mbali osayang'ana, chikhatho chili m'mwamba. Ndi mmene ankachitira nthawi zonse. Dzanjalo linkatambasuka, fayilo ya buluu n'kugweramo, ndipo anthu sankaona n'komwe.

Festo anakanikiza fayilo pamiyendo. "Bwana, ili ndi langa," ananong'ona. "Sindinadziwe kuti mubwera. Ili ndi la ine ndi mwana."

Olemekezeka sanatembenuke, ndipo kumwetulira sikunachoke. "Zako ndi zanga tinagawana liti, Festo? Bweretsa, anthu akudikira."

Dzanja linakhala pomwepo, lotsegula, pamaso pa holo yonse. Anthu a pa tebulo loyandikana anayamba kuliyang'ana. Kusiya dzanja la munthu wamkulu lili m'malere pagulu ndi chinthu chomwe Festo sanachitepo, ndipo sankadziwa kuti chimachitika bwanji. Anafuna kunena kuti ayi. Anali akufunabe pamene anaona fayilo ikukwera masitepe a nsanja m'manja mwa mwini dzanja.

"Achimwene, mwapereka chiyani?" anafunsa Redempta.

Maso a Festo anali pa fayilo ija.

Tsono apa ndi pomwe tiyenera kuwapatsa ulemu wawo Olemekezeka, poti anali wophunzira wabwino. Festo ndiye anawaphunzitsa kuti maso azitsogola mzere umodzi pakamwa pakutsatira, kuti chosayenera achione chisanatuluke. Anatsegula fayilo, maso anathamanga, ndipo anazindikira msanga kuti pepalali ndi la bambo. Sizinawavute. Pomwe panalembedwa "ine" ankanena "ine ndi bambo akowa".

"Yusta, mwana wathu, ukukumbukira tebulo la kukhitchini? Ine ndi bambo akowa tinkakukhazika pamenepo, timiyendo tili lende, n'kumakuwerengera za chitukuko cha dera lino. Tikatalikitsa, timiyendo tinkayamba kugunda tebulo. Ndiye ndikuuzeni, abale anga, mukaona kuti phungu wanu salankhula zambiri, thokozani miyendo ya mkwatibwiyu."

Pamenepo panali timizere tiwiri, ndipo holo inaseka n'kuomba m'manja monga momwe timizereto tinalonjezera. Munthuyo sanalowepo m'khitchini imeneyo chibadwire. Festo anayang'ana pa nsanja. Yusta sankaseka. Anali atawongola khosi, maso ali pa fayilo ya buluu, kenako anawatembenuza pang'onopang'ono mpaka anapeza bambo ake.

Tsamba lachiwiri linatembenuzidwa. Festo anapemphera kuti alumphe lachitatu, anene kuti nthawi yatha, achite chilichonse. Anaona maso a Olemekezeka akutsika tsambalo mpaka pansi, akuima pang'ono, kenako nkhope ikuwala ngati ya munthu amene watola ndalama pamsewu. Mawu anatsika, holo inakhala chete.

"Pali chinthu chomwe mwina sukuchidziwa, mwana wanga. Tsiku lomwe amayi ako ankatisiya, bambo akowa anali ndi ine pa nsanja, tikutumikira anthu. Unaimba foni kasanu. Foniyo sinali yozimitsa, ayi. Inali m'thumba mwawo, anaimva ikunjenjemera kasanu konse, akudziwa kuti ndiwe."

Anavula magalasi. Anayang'ana pansi. Festo, wosafuna, anawerenga nawo chamumtima mpaka zitatu.

"Koma sanasunthe pambali panga. Umenewo ndiye timati kukhulupirika, abale anga. Amuna otere anatha. Elia, mwana wanga, ukutenga mwana wa munthu wokhulupirika."

Amayi analulutira. Azibambo anaimirira kuomba m'manja, ena akutembenukira kwa Festo n'kumugwedezera mitu, wina kumbuyo n'kumugwira paphewa. Ndiye chinsinsi chomwe anachisunga zaka zisanu ndi zinayi chinamufika mwanayo motero, chopanda chipepeso, chili ndi nthungululu pamwamba. Mtsikana woperekeza Yusta anamupatsa kansalu poganiza kuti alira, koma iye sanakalandire.

Madalitso a tsamba lachinayi anayenda bwino kwambiri. Olemekezeka anatsika anthu akuombabe m'manja, anakhala pansi, n'kupinda masamba aja kuwaika m'thumba la jekete. Anaweramira kwa Festo, akupukuta magalasi.

"Lero ndiye walemba, mphunzitsi. Ya foni ija tisaitaye, idzatithandiza chaka chamawa. Mizere iwiri yomaliza ndaisiya, inali yofooka."

"Tsopano," anatero wotsogolera mwambo, "mwini mwana, bambo Luvanda, munthu wokhulupirika amene tamumva, abwere adzapereke mawu ake."

Kuchoka pa tebulo kufika pa nsanja panali mapazi khumi okha. Pepala sankalifuna, poti masamba onse anayi anali m'mutu mwake liwu ndi liwu. Koma akanati awanene, holo yonse ikanamva munthu wosauka mawu akubwereza zomwe phungu wangonena kumene, ndipo akanamumvera chisoni kuti akubera bwana wake. Zake zenizeni zomwe zinatsala zinali mizere iwiri yofooka ija. Inali yokwanira, ndipo ankadziwa kuti ndi yokwanira. Anangofunika kutembenukira kumanzere, kumuyang'ana mwanayo, n'kunena kuti sikunali kukhulupirika, anali mantha, ndikhululukire.

Analandira maikolofoni. Inali yotentha ndi dzanja la Olemekezeka. Anatembenukira kumanzere, ndipo Yusta anali akumuyang'ana, manja ali pamiyendo, thupi lonse lili zii monga ankakhalira pa tebulo paja mawu akakhala amoyo. Ankadikirabe. Zitachitika zonsezo, mwanayo ankadikirabe, ndipo izi zinamuwawa Festo kuposa china chilichonse.

Kenako anamva kutsokomola kochokera pa tebulo lalikulu. Olemekezeka anali atapinda manja pamimba, akugwedeza mutu momulimbikitsa, anthu mazana anayi ali kumbuyo kwawo ndi m'manja motentha. Kunena mizere ija kukanakhala kuwauza onsewo kuti aombera m'manja chinthu chochititsa manyazi, ndiponso kuti phungu wawo wanama pa nsanja. Pa zaka zonse zija Festo anakonzapo mawu a bwana wake kambirimbiri, koma m'kachipinda, chitseko chili chotseka. Ndipo munthu akapanikizika amagwira chomwe anazolowera.

"Olemekezeka mlendo wathu wamkulu, phungu wathu wokondedwa," anayamba. "Abambo mfumu a parishi yathu. Wapampando wa komiti ya mwambo uno ndi mamembala onse. Apongozi athu ochokera ku Njombe. Akuluakulu a chipani amene muli pano. Aphunzitsi anzanga akale."

Mndandandawo ankaudziwa bwino, anaulemba kambirimbiri, ndipo bola ankautchula sankafunika kunena china. Anatchula amayi a kwaya, anatchula ophika, anatchula oyendetsa galimoto. Maudindo atatha anamva pakamwa pake pakutulutsa mawu omwe iye mwini ankawadula ndi cholembera chofiira paliponse pomwe wawapeza.

"Ine ndilibe zambiri. Zonse zomwe ndikanati ndinene, Olemekezeka anena kale."

Anthu anaomba m'manja mwaulemu, ena akuyang'ana kale komwe kunkachokera fungo la pilawu. Wotsogolera mwambo anatambasula dzanja kuti alandire maikolofoni, ndipo Festo anapereka. Apo ndi pomwe anamva kaphokoso kumanzere kwake, kakang'ono, kobwerezabwereza. Yusta sankamuyang'ananso. Maso ake anali kukhomo, komwe basi ya ku Njombe inaima, ndipo pansi pa mphepete ya golide ya diresi lija nsapato imodzi inkapita kutsogolo n'kubwerera, chidendene chikugunda mwendo wa mpando.